Mpeni muuike pati pokwera phiri la Mulanje?

Omvera athu, makamaka inu amene mukukonzekera ulendo wa kuphiri la Mulanje, tiyeni tikambirane za mpeni. Musanauike paliponse, dzifunseni kuti: ndikaterereka n'kugwa, nsonga yake iloza kuti?

Kukula kwake kaye. Wa masentimita 8 mpaka 10, osawerengera chogwirira, ngokwanira kudulira chingwe ndi kuduladula anyezi mukafika kokagona ku Chambe kapena ku Lichenya. Chikwanje chitsale kunyumba. Mkungudza wa kumeneko ndi wotetezedwa, palibe choti mukadule.

Ngati mpeni wanu ndi wopinda, sankhani wokhala ndi loko. Uikeni m'thumba la zipi, mumangirire chingwe cha masentimita 60 kuchokera pachogwirira kukafika palamba wa buluku, kuti ukapulumuka m'manja muli pathanthwe usagwere kuphompho. Thumba lakumbuyo ayi, mumakhalira pamenepo. Muziupemereranso kawirikawiri, chifukwa mchenga ndi tiulusi ta m'thumba zikadzaza mkati, loko sagwira, ndiye mpeni umapindikira pazala mukudula.

Wosapinda uja ndiye wofuna kusamala kwambiri. Yesani chimake chake muli kunyumba: lowetsani mpeni, zondotsani, gwedezani mwamphamvu. Ukagwa, chimakecho sichoyenda nacho kuphiri. Finyaninso kunsonga kwake. Ngati ndi chikopa chofewa, tsiku lomwe mudzagwerepo ndi thupi lonse nsonga idzaboola.

Tsono ambiri amaukoloweka palamba wa buluku, kenaka n'kubereka chikwama. Pamenepo mpomwe pali vuto. Lamba wa m'chiuno wa chikwama, amene amasenza gawo lalikulu la katundu, amagwera pamwamba penipeni pa chogwiriracho n'kuchikanikizira pafupa. Pokwera chitunda cha Skyline kuchokera ku Likhubula, musanafike n'komwe pamwamba chiuno chayamba kale kunyuka, komanso mpeniwo simungausolole osamasula chikwama. Chochita n'chosavuta: lumikizani chimake ndi kalamba kapena kachingwe kolimba, chilendewere mpaka chogwirira chitsike masentimita ngati 5 pansi pa lamba wa chikwama. Chikhale chammbali, chopendekera kumbuyo pang'ono.

Kutsogolo, kufupi ndi mphechepeche, musayerekeze. Mkati mwa ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Ukadulidwa munthu amatha m'mphindi zochepa chabe, pamene kuchokera kunyumba yogona ya ku Chisepo, m'munsi mwa Sapitwa, kukafika kumsewu ndi ulendo wa maola. Chopingasa pamsana ayinso, chifukwa mukagwa chagada chogwirira chimamenya fupa la msana.

Ena amaumangirira palamba wa paphewa wa chikwama, chogwirira chitaloza pansi, mbali ya kumanzere ngati ntchito amagwira ndi dzanja lamanja. Mpeni umapezeka pafupi, inde, koma nsonga yaloza kukhosi. Choncho chimake chikhale cha pulasitiki wolimba, chogwira mpeni mwamphamvu, ndipo mumange malo awiri, pamwamba ndi pansi. Malegeni a chubu cha njinga amagwira bwino, saterereka ngakhale atanyowa. Dziwaninso kuti m'mawa wokwera Sapitwa, nsonga ya phirili yotalika mamita 3,002, chikwama chachikulu chimatsala ku Chisepo, ndiye mpeni utsala nacho mukapanda kuusamutsa. Njira imeneyo ndi yokwawa m'mipata ya miyala, chilichonse cholendewera chimakola. Tsiku limenelo mpeni ulowe m'kachikwama kakang'ono, nsonga italoza pansi, kutali ndi msana.

Wa m'khosi ukhale waung'ono, mkati mwa malaya, ndipo chingwe chake chikhale chotha kuduka chikakodwa munthambi.

Nthawi ya Chiperoni zonse zimanyowa. Chimake chachikopa chimasunga chinyezi, ndipo mpeni ukagona m'menemo usiku umodzi wokha, m'mawa mukhoza kupeza madontho a dzimbiri. Madzulo usololeni, pukutani, pakani dontho limodzi la mafuta ophikira. Chimakecho chiume chokha kutali ndi moto, apo ayi chimauma gwa n'kung'aluka.

Musayende ngakhale mapazi awiri mpeni uli wosolola. Imani, dulani, bwezerani. Muminibasi ukhale pansi penipeni pa chikwama, osati m'chiuno. Inu obwera pandege kudzera ku Chileka, uikeni m'katundu wamkulu wokapereka kukauntala, chifukwa m'chikwama cham'manja akulandani pofufuza.