Mayi wa pa K200 ndani? Amayi atatu amene muyenera kuwadziwa

[Kamera pafupi, K200 ili m'manja]

Pisani m'thumba. Ngati muli ndi K200, itulutseni muyang'ane nkhope ili pamenepoyo. Ndalamayi timagulira tomato, timapatsa kondakitala, imatidutsa m'manja tsiku ndi tsiku, koma tafunsani anthu pa depoti kuti mayi amenewa ndani, ambiri angokuyang'anani. Takulandirani, abale anga. Lero tili ndi amayi atatu, ndipo musachoke msanga, chifukwa pa achitatuwo pali bodza limene limandipweteka mutu. Ngati n'koyamba kutipeza, dinani subscribe ndi kabelu kaja, tiyambe.

Oyamba, mayi Joyce Banda. Awa mukuwadziwa, sindichedwapo. Analumbira pa 7 April 2012 atamwalira Bingu wa Mutharika, n'kukhala pulezidenti woyamba wamkazi m'Malawi mpaka 2014.

Achiwiri, mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno. Anagwidwa pa 24 December 1981 limodzi ndi amuna awo, Orton Chirwa. Mlandu woukira boma unazengedwa m'khoti lamakolo, momwe loya sankaloledwa, ndipo mu 1983 onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton anafera kundende ya Zomba mu October 1992, Vera anatuluka mu January 1993. Nkhani yawo ndi yaitali, tidzaipatsa vidiyo yakeyake.

Tsopano achitatu. Khalani bwino.

[Chithunzi cha K200 chidzaze sikirini]

Awa ndi mayi Rose Lomathinda Chibambo, obadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba pa 8 September 1928. Bodza lija nali: akuti pomenyera ufulu, amuna ndiwo ankaganiza ndi kumangidwa, amayi ankangovina, kuimba ndi kuphikira alendo. Ndalimva kwa achinyamata, ndalimva kwa akuluakulu ophunzira bwino, ndipo nthawi zonse magazi amandiwira.

Tiyeni tiwerenge zaka. Mu 1952, atsamunda akukonza zolumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya, mayi Chibambo anali atayamba kale kusonkhanitsa amayi ku Zomba. Anali ndi zaka 24 zokha. Kamuzu anafika pa Chileka pa 6 July 1958. Mwaona kusiyana kwake? Zaka zisanu ndi chimodzi! Amayiwa sanadikire munthu kuti adzawadzutse.

Mu 1956 boma linazenga mlandu James Sangala, mtsogoleri wa Nyasaland African Congress. Inde, yemweyo wa pa K100. Mayi Chibambo anatenga gulu la amayi pa basi, ulendo wa kukhoti ku Zomba, akuimba nyimbo zokana chitaganya. Apolisi anawagwira, analipitsidwa chindapusa. Ndiye mukati amayi ankangoimba, ndikuvomera kuti ankaimbadi. Koma boma silimanga munthu chifukwa cha nyimbo ya pa chinkhoswe. Nyimbo imene inawamangitsayo inali mkondo.

Ngati mwafika pano, ponyani like, imathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena. Tipitirize, chifukwa chowawa chenicheni chikubwera.

Pa 3 March 1959 bwanamkubwa analengeza kuti dziko lili pangozi, atsogoleri a Congress n'kuyamba kugwidwa usiku. Ndi tsiku lija timakumbukira anthu amene anafera ufulu, Martyrs' Day. Mayi Chibambo anali oyembekezera, mwezi wawo utakwana. Anawasiya kaye. Atangochira, pasanathe ndi sabata yomwe, apolisi anabwera. Anawatengera kundende ya Zomba khanda lili m'manja.

Amayi amene mukuonera, inu mukudziwa mmene thupi limakhalira masiku amenewo. Kwathu mchikuta satuluka n'komwe m'nyumba mchombo usanagwe, amamuphikira phala, amamuthira madzi otentha. Awa chikuta chawo chinali selo. Mwanayo anamutcha dzina loti Gadi, chifukwa cha magadi a kundende. Anakhalamo pafupifupi chaka. Ndiye munthu aimirire n'kunena kuti amayi ankangovina?

Nanga bodzali linachokera kuti? Apa mvetserani. Mu 1964 mayi Chibambo anali phungu wa Nyumba ya Malamulo komanso wothandizira nduna, mkazi woyamba kufika pamenepo. Ufulu unabwera pa 6 July. Patangotha miyezi iwiri, mu September, nduna zinasemphana ndi Kamuzu, ndipo mayi Chibambo anachotsedwa pamodzi ndi Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi. Anathawira ku Zambia, n'kukhala kunja pafupifupi zaka 30. Nthawi yonseyo anthu amenewa ankatchedwa zigawenga, ndipo kutchula maina awo poyera kunali kudziputira. Mwana wobadwa m'ma 1970 anakula akuona chiyani? Mbumba itavala nsalu ya chipani, ikuvina pa sitediyamu. Chithunzi chimenecho ndicho chinatsala m'mitu, cha mayi wa khanda m'selo chinafufutidwa. Bodzali silinamere lokha, linachita kubzalidwa.

Anabwerera kumudzi mu 1994, matipate atabwera. Mu 2012 nkhope yawo inaikidwa pa K200 akali moyo, ndipo anaiona ndi maso awo. Anamwalira pa 12 January 2016 ali ndi zaka 87, n'kuikidwa ku Mzuzu.

Pempho langa: ngati agogo anu anali m'magulu a amayi a nthawi imeneyo, kawafunseni sabata ino, mujambule mawu awo pa foni. Sabata ya mawa tikubwera ndi vidiyo ya mayi Vera Chirwa, kuyambira usiku umene anagwidwa. Tumizani iyi ku gulu la WhatsApp la kubanja kwanu, tionane Lachisanu.