Makalata a omvera: "Ndimawasambitsa ndine, koma amaitana wina"

Assalamu alaikum omvera athu m'Lusaka monse. Kalata yoyamba yachokera ku Chawama, kwa mayi amene wapempha kuti dzina tisatchule.

"Amayi anandisiya kwa ambuya ku Katete ndili ndi zaka 6, n'kukakwatiwa ku Kitwe. Chaka chatha anadwala sitiroko, ndinakawatenga. M'mawa ndimawasambitsa, kuwamwetsa phala, kenako n'kuthamangira kumsika wa Soweto kukagulitsa tomato. Koma pakamwa pawo pamangotuluka dzina la mlongo wanga amene sanabwere n'kamodzi komwe. Zikomo sindinamumvepo. Kodi ndikuchimwa mtima ukamawawa?"

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndisanalowe muno. Kuwawa kwa mtima si tchimo, ndinu munthu. Chimene Qur'an ikuletsa pa Sura 17 ndime 23 ndi kuwanenera makolo okalamba ngakhale liwu losonyeza kunyansidwa lakuti "uff", kapena kuwakalipira. Ndimeyo sinasankhe kuti makolo ake ndi okhawo amene analera bwino.

Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaphunzitsa kuti wolumikiza chibale weniweni si wobweza zabwino zimene wachitiridwa, koma amene amalumikiza pamene ena adula. Hadisi imeneyi, kutanthauza mawu a Mtumiki, ili m'buku la Bukhari. Amayi anu anadula, inu mukulumikiza ndi beseni la madzi ofunda m'mawa uliwonse. Za zikomoyo, Sura 76 ndime 9 ikunena za anthu odyetsa anzawo chifukwa cha Allah yekha, osafuna malipiro kapena kuthokozedwa.

Ndikufunseni: ambuya aja pokuphikirani nsima muli ndi zaka 6, munkawathokoza kangati? Chikhalirecho sanakusiyeni ndi njala. Manja amene mukusambitsira amayi anuwo munawatenga kwa iwo.

Koma musafere m'kati nokha. Mutu umodzi susenza denga. Auzeni amalume ndi ashehe amuitane mlongo wanuyo, udindowu ndi wakenso. Amayi a kumzikiti nawonso adziwe, ena azikulandirani tsiku la msika.

Ina yaifupi, ya mnyamata wa ku Kanyama: "Ambuya amene anandilera anamwalira ndisanayambe ntchito. Ndingawachitirenji?"

Mwana wanga, apemphereni duwa (pempho kwa Allah) pambuyo pa swala (mapemphero a tsiku ndi tsiku) iliyonse, imawafika. Sa'd ibn Ubadah, mmodzi wa otsatira a Mtumiki, amayi ake atamwalira, anafunsa Mtumiki za sadaka yabwino koposa, anamuuza kuti ndi madzi, ndipo Sa'd anakumba chitsime m'dzina la amayi akewo. Ku Kanyama vuto la madzi mukulidziwa. Mukalandira malipiro oyamba, pezani nkhalamba yoyandikana nanu muziilipirira madzi a pampopi, cholinga chili pa ambuya anu.