Kodi monita ingayake ndi chingwe cha netiweki chokha?

Taonani chingwe ichi. Ndachisenda kuti muone mkati: muli timawaya 8 takopa, topotana tiwiritiwiri. Ambiri timachidziwa ngati njira ya intaneti, koma chimathanso kunyamula magetsi. Luso limeneli amalitcha PoE, ndipo ndi limene limayatsa makamera ambiri achitetezo ndi mafoni a m'maofesi. Nanga monita?

Nkhani yagona pa mawati. Muyezo wa PoE wotchedwa 802.3af, wa mu 2003, unkafikitsa mawati osakwana 13 pachipangizo. Wa 802.3at, wa mu 2009, unakweza kufika pa 25.5. Zinthu zinasintha mu 2018 ndi 802.3bt: switch, bokosi lomwe zingwe za netiweki zimalumikizidwako, imatulutsa mawati 90, ndipo pafupifupi 71 ndi amene amafika pa mtunda wa mamita 100. Enawo amasanduka kutentha m'njira. Monita wamba ya mainchi 24 imadya mawati cha m'ma 20, ndiye mphamvu ilipo yokwanira.

Pamene ine ndimaikondera njirayi ndi pa sikirini zopachika pamwamba, monga zoonetsa uthenga m'chipinda chodikirira, pomwe palibe soketi. Mumakoka chingwe chimodzi basi. Switch ikakhala pa UPS, yomwe ndi batire yosunga magetsi, magetsi angathime koma sikirini zonse zimangoyakabe. Sikirini ina ikasiya kugwira ntchito, mumazimitsa doko lake muli pakompyuta, n'kuliyatsanso, osakwera makwerero.

Koma musathamangire. Monita wamba ilibe doko la netiweki, ndipo chithunzi cha HDMI, njira imene kompyuta imatumizira chithunzi ku monita, sichilowa m'chingwechi pachokha. Pamafunika kabokosi kolandira magetsi ndi chithunzi, kapena sikirini yopangidwira PoE, zomwe zimadula. Komanso switch iliyonse ili ndi malire a mawati amene imagawira madoko ake onse pamodzi. Mukaichulukitsira, ina mwa sikirinizo siyaka. Ndipo switchyo ikafa, zonse zathima nthawi imodzi. Ngati soketi ili pansi pa desiki yanu pomwepo, ndalama zonsezi n'zongotaya.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zingwe zotchipa zolembedwa CCA. Mkati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, ndipo zimatentha msanga, makamaka zikamangidwa mtolo umodzi. Musanagule, palani kawaya kamodzi ndi mpeni ngati mmene ndikuchitiramu. Kakatuwa mkati, chingwecho chisiyeni. Funani chingwe cha mtundu wa Cat6 cha kopa yekhayekha.