Mnzanu akuchoka m'chigwa: mum'patse chiyani choti akafike nacho?

Takulandirani abale anga, kuchokera kuno kuchigwa cha Shire. Muli tani a ku Nsanje, a ku Bangula, a ku Ngabu, a pa Nchalo ndi a pa Dyeratu? Lero nkhani ndi imodzi. Mnzanu wapeza ntchito kutali, kapena am'samutsa, kapena waganiza zokayesa mwayi ku Joni, ndiye inu mutu waima kuti mum'patse chiyani. Musachoke msanga, chifukwa pa mfundo yachitatu pali bodza limene latidyera ndalama zambiri kuno kwathu, ndipo ineyo linandipweteka. Amene mwabwera koyamba, dinani subscribe ndi kabelu kali pambalipo, tiyambepo.

Choyamba, dziwani komwe akupita ndi chimene akwere. Wopita ku Mzuzu pa lole ya kuntchito ndi wosiyana ndi wokwera basi ya ku Joni. Wa pandege ndiye zake n'zowerengeratu, ndege zambiri zimayeza chikwama pa makilogalamu 23. M'funseni mwiniwakeyo, palibe chochititsa manyazi.

Chachiwiri, perekani kudakali masiku atatu kapena anayi, asanamange zikwama. Zomam'thamangira pa siteji minibasi ikuliza hutala, ayi.

Tsopano chachitatu. Apa khalani pansi.

Kuno timakhulupirira kuti mphatso yabwino ndi yooneka ndi maso a anthu. Ikhale yaikulu, yolemera, yoti a m'mudzi anene kuti uje wam'konda mnzake. Ndipo pambali pake timati ndalama si mphatso, wopereka envulopu ndi waulesi, sanaganize. Abale, limeneli ndi bodza, ndipo ndikuuzani chimene ndinaona ndi maso angawa.

Ndili ndi mnzanga amene tinkaweta naye mbuzi tili ana. Tsiku lake lopita ku Joni litayandikira, ndinagulitsa mbuzi imodzi. Ndinam'gulira wotchi yapakhoma ya galasi, ndinadzaza dengu la mlaza ndi nsomba zouma za makakana, n'kuwonjezera theka la thumba la mapira kuti asaiwale nsima yakwathu. Ndinam'perekeza mpaka ku Blantyre. Tinawoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, kukwera zitunda zija, ine mtima uli mbee. Titafika pokwerera basi, katundu yense anamuika pa sikelo, ndipo anam'tchula ndalama yowonjezera. Mnzanga sanayankhule. Anatembenukira kukhoma, n'kutulutsa kandalama kamene anamanga m'mpango, kamene mayi ake anam'patsa kuti azidya m'njira. Ndinaona zala zake zikuwerenga kawiri. Analipira chifukwa sanafune kundikhumudwitsa. Mphatso yanga inadya kamba wa mnzanga, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Patapita miyezi iwiri anandiuza pafoni kuti wotchi inasweka asanafike ndi ku Tete komwe, nsomba zinatsala pa boda, ndipo zovala zake zonse zinali fungo la nsomba tsiku loyamba kukafunsa ntchito.

Tiyeni tiuone bwino ulendo umenewu, chifukwa ambiri timapereka mphatso osaudziwa. Basi ikachoka ku Blantyre imatulukira pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, imawoloka Zambezi pa Tete, imalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, imadutsa Harare, kenako Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo. Maboda atatu amenewo, ulendo woposa usana ndi usiku. Pa boda akanena kuti aliyense atsitse katundu wake, amene amasenza thumba lanu la mapira lija ndani? Inu muli kunyumba mwagona. Ndi iyeyo, usiku, ali pamzere, dzanja lina lagwira pasipoti.

Ndikudziwa ena mukulemba kale m'munsimu kuti, "Nanga makolo athu sankapereka nkhuku ndi ufa?" Ankapereka, inde. Koma taganizani bwino. Nkhuku yamoyo ankapatsa mlendo wobwerera kumudzi wakufupi, wofika dzuwa lisanalowe. Wa ulendo wautali ankam'konzera kamba: nkhuku yootcha, mbatata, mtedza wokazinga, chimanga chokazinga. Kamba amapepuka ulendo ukamatalika. Makolo ankadziwa kuti katundu amalemera ndi mtunda. Agogo athu amene anapita kumigodi ya ku South Africa pa Wenela ndi pa Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito yakumigodiko, sankanyamula nyumba popita, masutikesi ndi mabulangete ankabwera nawo pobwerera. Ndife a lerofe amene tasokoneza, tikupereka kuti anthu atione.

Ndiye za ndalama zija. Amene anakhalako kutali akuuzani kuti mwezi wowawa ndi woyamba. Malipiro sanatuluke, eni nyumba akufuna lendi, thiransipoti ndi ya tsiku ndi tsiku, ndipo kulibe azakhali oti ukapemphe ufa. Munthu ameneyo mum'patse kapu yolembedwa maluwa? M'patseni ndalama, ndipo musachite nazo manyazi. Ngati muli gulu, a kwaya kapena a banki m'khonde, sonkhani pamodzi m'malo moti aliyense agule kambale kake. Koma mvetsani apa: kwacha ku Harare kapena ku Johannesburg sigula ngakhale botolo la madzi. M'sinthireni ikhale randi, ndipo musinthe ku banki kapena ku malo osinthira ovomerezeka, osati kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Ngati akungosamukira ku Karonga kapena ku Lilongwe, njira yanga ndi iyi: tsiku lonyamuka m'patseni pang'ono, ina mum'tumizire pa Mpamba kapena pa Airtel Money sabata yachitatu, pamene aliyense waiwala kuti anachoka. Foni ikalira tsiku limenelo, adzadziwa kuti kumudzi kuli wake.

Wina anene kuti envulopu ilibe mtima. Lembanimo kalata. Ndi dzanja lanu, osati pa WhatsApp. Ndalama idzatha koma kalatayo adzaisunga m'Baibulo kapena pansi pa sutikesi.

Ndisanapitirire, amayi a gulu lathu ali ndi ufa wa malambe ndi masau ouma, osefedwa bwino, m'timapaketi ting'onoting'ono. Ofuna mundilembere uthenga pa tsamba lomwe lino. Mukagula mwathandiza amayiwa komanso mwathandiza kuti mavidiyowa azituluka. Ndipo ngati mwafika pano osadina like, dinani tsopano, zimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena.

Chachinayi, ngati mukufunabe chinthu chogwirika, gulani jekete. Ife a m'chigwa kuzizira sitikudziwa. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, timagona panja pa mkeka, ndiye ambiri m'nyumba mwathu mulibe chovala chochindikala ngakhale chimodzi. Nsanje ili pansi, siifika mamita 100 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700. Mu Juni ndi Julaye kumeneko m'mawa umapeza udzu wayera ndi chisanu. Ngakhale konkuno, mwana wa ku Makhanga mukam'tula ku Dedza kapena ku Mzuzu mwezi wa Juni, amalira. Pitani pa kaunjika tsiku la msika, musankhe jekete yochindikala, muyese zipi kangapo, muone m'khwapa ngati simunang'ambike, muichape bwino. Muwonjezere masokosi ndi chipewa cha ubweya. Ubwino wake, jekete amaivala pathupi, sikelo siiona.

Chachisanu ndi tinthu ting'onoting'ono, ndithamanga. Masoketi a kuno amalowa pulagi ya mano atatu afulati, a ku South Africa ndi a mano ozungulira, ndiye kaadaputa kamodzi kam'pulumutsa usiku woyamba foni itazima. Kakope kolembamo manambala a foni a abale onse, chifukwa foni imatayika kapena kubedwa, ndipo masiku ano palibe amene amasunga nambala pamtima. Kwa amayi ndi atsikana, chitenje: chofunda m'basi, chomangira katundu, chotchinga pazenera la chipinda chatsopano. Zithunzi ziwiri zitatu zotsukitsa, za ana, za agogo ali pakhonde.

Za zakudya zakwathu, wopita m'Malawi momwemuno m'patseni masau, bwemba, malambe, ngakhale makakana, bola mukulunge bwino ndipo musaike m'chikwama cha zovala. Wowoloka boda samalani, nyama, nsomba, zipatso zaziwisi ndi mbewu amatha kulanda. Kapaketi kamodzi koti adye m'njira n'kokwanira.

Sabata yamawa tikambirana za mbali inayo, mnzanu akamatumiza katundu kuchokera ku Joni, mungatani kuti afike kuno kuchigwa osasowa m'njira. Pakadali pano ndilembereni m'munsimu: inu mutachoka kwanu koyamba, ndi chiyani chimene munalakalaka wina akanakuikirani m'chikwama? Ndiwerenga zonse, ndipo zina ndidzazitchula m'vidiyo ikubwerayo. Takhuta, tionana.