Misika ya pamadzi ku Thailand: doko, boti ndi ziphaniphani

Muli bwanji abale anga, kulikonse kumene mukumvera. Ndikulankhula kuchokera kuno ku Bangkok, ndipo lero tikamba za misika ya pamadzi, ija mumaona pa Facebook amayi atavala zipewa zikuluzikulu akupalasa mabwato odzaza mango ndi nthochi.

Wotchuka kwambiri ndi Damnoen Saduak, m'chigawo cha Ratchaburi, pafupifupi makilomita 100 kuchokera mu mzinda uno. Ngalande yake inakumbidwa pakati pa 1866 ndi 1868 molamulidwa ndi Mfumu Rama IV. Ndi yaitali makilomita 32 ndipo imalumikiza mtsinje wa Mae Klong ndi wa Tha Chin. Alimi anakumba tingalande tawo topita kuminda ya zipatso, bwato n'kukhala ngati njinga ya pakhomo. Misewu itabwera malonda enieni anasamukira kumtunda, moti lero msikawu ukudalira alendo. Mukafika 7 koloko m'mawa mupeza ogulitsa akuyala katundu mwabata. Ikamakwana 10 koloko mabasi a alendo amakhala atafika, mabwato akugundana, utsi wa injini uli tolo. Choncho nyamukani ku Bangkok kusanache. Maminibasi amakwerera ku Southern Bus Terminal, komwe eni ake amati Sai Tai Mai, ndipo ulendo wake ndi wa maola pafupifupi awiri.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa ndalama zambiri zimathera pano munthu asanaone n'komwe msika. Madalaivala ena amakutsitsani padoko la munthu wamba, patali ndi msika, n'kukuuzani kuti popanda boti simungafike. Limenelo ndi bodza. Msikawu umafikika pansi, ndipo m'mbali mwa ngalande muli njira zoyendamo ndi timilatho. Dalaivalayo ali ndi yake imene amalandira kwa eni doko, monga amachitira adobadoba kulikonse. Inu nenani kuti akakutsitseni pamsika penipeni, mukasankhe nokha boti muli pomwepo.

Musanakwere funsani zinthu zitatu. Mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa boti lonse? Ndi wa mphindi zingati? Akakutsitsani pati? Mawu oti musunge ndi "tao rai", kutanthauza kuti ndalama zingati. Auzeni alembe mtengo pa foni, chifukwa mukadalira pakamwa mkangano umadzabuka pobwerera. Tengani ma baht (ndalama za kuno) ang'onoang'ono a 20, 50 ndi 100. Mayi wa m'bwato sasunga chenje ya 1,000.

Maboti alipo a mitundu iwiri. Loyamba ndi bwato lopalasa ndi nkhafi, laling'ono, loyenda mwakachetechete, lotha kuima pafupi ndi wogulitsa. Lachiwiri ndi la injini ya galimoto yomangidwa kumbuyo, yokhala ndi chitsulo chachitali cholowa m'madzi. Limeneli limathamanga ndipo limakufikitsani kuminda ya kokonati, koma phokoso lake simungamvane, komanso limawaza madzi a m'ngalande kumaso, madzi oti simungafune alowe m'kamwa. Ngati cholinga ndi msika, tengani lopalasa. Polowa pondani pakati, khalani pansi msanga, ndipo manja asagwire m'mphepete: mabwato akapanikizana chala chimaphwanyika pomwepo. Wopalasa amakonda kuima pa mashopu a zosema ndi zovala. Mitengo yoyamba kumeneko ndi yokwera dala, nenererani kapena ingopukusani mutu.

Chakudya ndiye chimene muyenera kupitira. Kuay teow ruea ndi manudozi a m'bwato, amabwera m'kambale kakang'ono, ndipo msuzi wake nthawi zambiri amathiramo magazi a nkhumba kapena ng'ombe kuti ukhuthale. Abale achisilamu, a Seventh Day ndi ena osadya zoterezi, funsani kaye. Khao niao mamuang ndi mpunga womata wophika ndi mkaka wa kokonati, pambali pake mango akupsa. Wogulitsa akakhala patali amakupatsirani mbale ndi ndodo yaitali, inu n'kubweza ndalama momwemo. Nenani "mai phet" ngati tsabola simugwirizana naye, ngakhale "pang'ono" ya kuno kwa ife ndi moto. Gulani chimene chaphikidwa inu mukuona.

Mutandifunsa ine, msika wa Amphawa ndi wabwino kuposa Damnoen Saduak. Uli m'chigawo cha Samut Songkhram, umachitika Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu kuyambira masana mpaka usiku, ndipo ogula ambiri ndi eni dziko ochokera ku Bangkok. Mumakhala pamasitepe a m'mbali mwa madzi, nsomba ndi nkhanu zikuwotchedwa m'bwato pansi panu. Kukada maboti amatenga anthu kukaona ziphaniphani m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Mae Klong. Mtengo wonse umathwanima pamodzi n'kuzima pamodzi. Zimaoneka bwino nyengo ya mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, usiku wopanda mwezi. Musayatse tochi kapena fulashi ya foni, ndipo valani jekete loyandamitsa lija ngakhale anzanu alikankhire pansi pa mpando.

Masana maboti omwewo amazungulira akachisi, kuphatikizapo Wat Bang Kung, kachisi wamng'ono wokutidwa yense ndi mizu ya mitengo. Vulani nsapato pakhomo, mapewa ndi mawondo zikhale zofundidwa, ndipo pokhala pansi mapazi asaloze fano la Buddha. Amayi sakhudza mmonke (wansembe wa Chibuda) kapena kumupatsa chinthu m'manja. Mukagona ku Amphawa, dzukani m'mamawa muone amonke akupalasa bwato khomo ndi khomo kulandira chakudya.

Pafupi pomwepo pali msika wa Maeklong, woyalidwa panjanji. Sitima ikamabwera ogulitsa amapinda matenti awo, ikangodutsa n'kuwatambasulanso. Onani nthawi ya sitima pa siteshoni ndipo muime kuseri kwa mzere wojambulidwa pansi. Amene muli ndi theka la tsiku lokha, pitani ku Khlong Lat Mayom, mu Bangkok momwemuno, Loweruka kapena Lamlungu. Mabwato ndi ochepa, koma chakudya chake simudandaula. Tikumanenso sabata yamawa, tsalani bwino.