Makalata a omvera: ndalama zokachitira kafukufuku kunja

Takulandiraninso omvera nonse kulikonse komwe muli, yakwana nthawi ija ya makalata anu. Sabata yatha tinangokhudzako pang'ono nkhani ya anzathu amene akuchita kafukufuku m'mayunivesite koma makalata abwera osati masewera, ena pa imelo ena pa WhatsApp, ndipo pafupifupi onse akufunsa za ndalama zoti munthu upite kunja ukaphunzire kapena ukagwire ntchito mu labu ya anzathu. Ndasankhapo anayi, enawo tidzawerenga ulendo wina.

Yoyambayi ndi ya achimwene ena amene apempha kuti tisawatchule dzina. Akuti: "Akulu a pawailesi, ine ndinamaliza PhD ya za tizilombo toononga mbewu zaka zitatu zapitazo. Ndatumiza maimelo kwa mapulofesa oposa 40 aku Ulaya, kalata yake ndi imodzi ndimangosintha dzina pamwamba, koma andiyankha awiri okha ndipo onse akuti malo alibe. Kodi zinthu zimenezi ndi za anthu odziwana okhaokha eti? Ndatsala pang'ono kungozisiya."

Achimwene, chonde musazisiye, kalata yanu yandikhudza kwambiri chifukwa ndikudziwa mmene zimapwetekera kutsegula imelo m'mawa uliwonse n'kupeza ziii. Koma ndikuuzeni mosapsatira, vuto mwalitchula nokha pamene mwati kalata ndi imodzi. Pulofesa amalandira maimelo otere tsiku ndi tsiku, akangoona kuti munthuyu sanawerengeko ngakhale pepala limodzi lomwe iye analemba amangopitirira, si nkhanza ayi, palibe chomwe mwamupatsa choti agwirepo.

Ndipo munthu ameneyu ndi wofunika chifukwa thandizo lambiri la anthu omaliza PhD simungalipemphe nokha. Titenge Marie Skłodowska-Curie Actions, pulogalamu ya European Union imene anaitcha dzina la mayi uja anapambana mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911. Anaikako ndalama zokwana mayuro 6.6 biliyoni kuyambira 2021 mpaka 2027 ndipo munthu wa dziko lililonse atha kupempha, koma pulopozo, ndiye kuti pempho lofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita, mumalemba limodzi ndi pulofesa wokulandiraniyo, mukapambana ndalama zimapita ku yunivesite yake n'kukulembani ntchito kwa chaka chimodzi mpaka ziwiri. Kawirikawiri amatseka mu Seputembala, ndiye munthu amene akuyamba kusaka pulofesa mu Ogasiti wachedwa kale, zimafunika kuyamba kucheza naye chaka chikangoyamba.

Ndiye chitani chonchi. Sankhani anthu asanu basi, amene ntchito yawo mumaiwerengadi. Imelo ikhale yaifupi yoti munthu awerenge pa foni ali chiimire. Mutchule pepala lake lenileni ndi chomwe munaonamo, kenako munene chomwe inu muli nacho chimene iye alibe. Apa ndi pamene ambiri timadzidelera. Tinene kuti mumafufuza mbozi zachilendo zija zochokera ku America zimene zinayamba kuoneka mu Africa mu 2016, inuyo mwaziona m'munda nyengo zitatu zinayi, muli ndi makope odzaza manambala, mukudziwa nthawi imene zimaswana, pamene iye mwina amangoziona m'botolo mu labu. Chimenecho ndi chuma, ndipo oweruza mapulopozo amayang'anadi kuti mbali zonse ziwiri zipindula chiyani. Pomaliza mumuuze dzina la pulogalamu ndi tsiku lotseka, kuti adziwe kuti simukupempha ndalama za m'thumba mwake, mukupempha kuti mukazipemphere limodzi. CV ya masamba awiri, basi.

Chinanso achimwene, fulumirani ndi Georg Forster Research Fellowship ya bungwe la Alexander von Humboldt la ku Bonn ku Germany. Imeneyi anaikonzera ofufuza a m'maiko amene akutukuka kumene, mumakakhala miyezi 6 mpaka 24, koma gawo la ongomaliza kumene limafuna kuti PhD isapitirire zaka zinayi. Inu mwati zitatu zatha. Nakonso amafuna wokulandirani, ndiye kalata yomwe ija igwira ntchito pawiri.

Yachiwiri ndi ya mayi ena, akuti: "Bambo, ine PhD ndinatenga zaka 9 zapitazo, kenako ndinabereka ana awiri ndipo kafukufuku anaima kaye. Anzanga akuti basi ndatha, malire ndi zaka 8. Komanso ngakhale atanditenga, ana ndiwasiya ndi ndani?"

Mayi, anzanuwo anena zoona theka lokha. Malire a zaka 8 alipodi ku Marie Curie, koma sawerenga ngati mmene timawerengera zaka zakubadwa. Kwa mayi amachotsa miyezi 18 pa mwana aliyense wobadwa PhD itatha, ndiye ana awiri ndi miyezi 36, zaka zitatu zathunthu, kutanthauza kuti kwa iwo inu muli pa zaka 6. Nthawi imene munagwira ntchito yosakhudza kafukufuku nayonso amatha kuchotsa. Sungani bwino zikalata zakubadwa za anawo chifukwa umboni wake ndi umenewo. Za ana, pamwamba pa malipiro amaikapo ndalama ya banja, sindinganame kuti imathetsa zonse, kusamuka ndi ana ndi chintchito ndipo nkhani ya viza yawo ndi sukulu muyenera kuifunsa kwa okulandiraniwo musanavomere chilichonse. Lamulo limodzi lokha musaliiwale, dziko limene mukupitalo musakhale kuti munakhalako miyezi yoposa 12 pa zaka zitatu zapitazi.

Ndipo ngati mtima wanu sukufuna kuchoka, njira ina ilipo. Bungwe la amayi asayansi la OWSD, limene likulu lake lili ku Trieste ku Italy pamodzi ndi TWAS, bungwe lolimbikitsa sayansi m'maiko amene akutukuka kumene, lakhala likupereka mpaka madola 50,000 kwa amayi amene anatenga PhD zaka zosapitirira 10 zapitazo kuti akhazikitse kafukufuku pa yunivesite yawo yomwe, osasamuka. Inu muli pa 9 mayi, onani lero lomwe ngati atsegula komanso ngati dziko lanu lili pa mndandanda wawo. Palinso Faculty for the Future ya Schlumberger Foundation imene yakhala ikuthandiza amayi a sayansi ndi uinjiniya kuyambira 2004.

Yachitatu ndi ya mnyamata wina amene ali ndi masitazi. Akuti walandira uthenga woti wapambana sikolashipu ya PhD imene sakukumbukira kuti anapemphako, ndipo akumuuza kuti atumize kaye ndalama yokonzera mapepala pasanathe masiku awiri.

Mphwanga, usatumize ngakhale kangachepe, amenewo ndi akuba. Sikolashipu imene sunapemphe siingakupeze yokha, ndipo mabungwe ngati DAAD ya ku Germany kapena Commonwealth Scholarship Commission ya ku Britain sakuuza kuti ulipire kuti ulandire thandizo lawo. Zolipira zenizeni zilipo, mayeso a chingerezi a IELTS kapena TOEFL, viza, mayunivesite enanso amalipiritsa fomu, koma zimenezo umalipira ku ofesi yodziwika pa tsamba lawo lenileni, osati pa nambala ya foni ya munthu. Ngati ukufunadi PhD lowa pa EURAXESS, ndi tsamba laulere limene amalengezapo malo a kafukufuku ku Ulaya, a PhD a Marie Curie amaikidwa pomwepo ndipo ndi ntchito ya malipiro ndi kontirakiti. Uonenso TWAS, imene inayambitsidwa mu 1983 ndi Abdus Salam wa ku Pakistan, iwowa amatumiza ophunzira ku maiko ngati India ndi South Africa, usamangoyang'ana kumpoto kokha.

Yomaliza yachokera kwa bambo ena ophunzitsa pa yunivesite, ndipo ndiiwerenga yonse chifukwa ndi yolemera. "Ine ndinapita kunja zaka ziwiri, ndinaphunzira kugwiritsa ntchito makina amene kuno kulibe. Nditabwera ndinapeza labu yathu ili chimodzimodzi, firiji yosungira masampulo inafa kalekale, akuluakulu anangondiunjikira makalasi. Pano zaka zitatu sindinalembe pepala ngakhale limodzi. Anzanga amene anatsala konko akupita patsogolo. Kodi ndinalakwa kubwerera?"

Bambo, ine ndikuti simunalakwe, ndipo ophunzira amene akukhala kutsogolo kwanu m'makalasi amenewo akupindula ndi zomwe munakaona ngakhale inu simukuziona pano. Koma ululu wanu ndi weniweni ndipo si inu nokha. Mapulogalamu ambiri amafuna munthu abwerere, mwachitsanzo a Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, amakuuza kuti ukakhale kwanu zaka ziwiri ukamaliza, koma kubwerera wopanda zipangizo kumafooketsa munthu mpaka luso limachita dzimbiri, ndipo ine ndimaona kuti opereka ndalama ndi mayunivesite omwe ayenera kuiganizira kwambiri mbali imeneyi kuposa mmene akuchitira.

Poyambira pake ndi yemwe uja anakulandirani kunja. Mulembereni sabata ino, musachite manyazi kuti papita nthawi, mumuuze za firiji ndi makalasi momwe mwandiuzira inemu, chifukwa thandizo lambiri la zipangizo limafuna anthu awiri a maiko awiri. Ngati munapita kudzera ku Humboldt, iwo ali ndi thandizo la obwerera kwawo komanso la zipangizo za mu labu kwa anthu awo akale, mabungwe enanso ali ndi zofanana nazo koma sauza munthu amene sanafunse. Ngati ntchito yanu ikukhudza zaumoyo onaninso bungwe la Wellcome la ku London, Early-Career Award yawo imafika zaka zisanu, imalipira malipiro anu ndi kafukufuku, ndipo mutha kuigwirira pa yunivesite ya dziko losauka kapena lapakatikati osasamuka. Ndalama yotere ikabwera mumakhala ndi polankhulira ndi akuluakulu anu kuti akuchepetsereni makalasi, ndipo zimenezo mugwirizane polemba musanatumize pulopozo.

Nthawi yatithera. Achimwene a kalata yoyamba aja, mukatumiza maimelo asanu aja mutilemberenso mutiuze kuti ayankha angati, tidzawerenga pompano.