Makalata a Omvera: "Amayi, mwanayo analowa bwanji m'mimbamo?"

Takulandirani omvera nonse a kuno ku Mchinji. Kalata yoyamba yachokera kwa a Naphiri a ku Kamwendo. Akuti:

"Ndili ndi pakati pa miyezi 7. Mwana wanga wamkazi wa zaka 5 anandifunsa kuti ndadya chiyani kuti mimba ikule chonchi. Nditamuuza kuti muli mwana, akuti, 'Nanga analowa bwanji?' Apongozi anga akuti ndizimuuza kuti mwana tikagula kuchipatala cha pa boma. Ndichite bwanji?"

A Naphiri, Mulungu akusungeni mpaka mudzachire bwino. Zogula mwana kuchipatalazo ambirife tinauzidwa, ena ankati ana amatsika m'ndege. Apongozi anu akufuna kusunga ulemu, ndipo sindikuwanyoza. Koma ine ndikuti musamunamize. Mwanayo ali ndi maso, mimba akuiona ikukula, ndipo kumjigo kuli anzake okulirapo amene adzamuuza zawo. Akazindikira kuti amayi sanena zoona pa nkhani za thupi, tsiku limene wina adzamugwire posayenera sadzathamangira kwa inu. Chimenechi ndicho chimandiopsa.

Wa zaka 5 safuna zambiri. Muuzeni kuti mwana sakhala mopita nsima ayi, ali m'chiberekero, thumba lapadera limene lili m'munsi mwa mimba ya mayi. Amayamba pamene mbewu ya bambo yakumana ndi kadzira ka mayi, kenako amakula kwa miyezi 9, imene anamwino akusikelo amawerenga kuti masabata 40. Muonetseni mchombo wake, mumuuze kuti pamenepo panali chingwe chimene ankalandirira chakudya ndi mpweya kuchokera kwa inu. Ana amaikonda kwambiri nkhani ya mchomboyi. Ndipo pa miyezi 7 wam'katiyo akutakataka kale, ndiye mulekeni mkulu wakeyo aike dzanja pamimba amve yekha.

Akafunsa kuti adzatulukira pati, nenani kuti pali njira yake pakati pa miyendo ya mayi, ndipo ena amabadwa pa opareshoni. Akaumirira kuti mbewuyo imafika bwanji, muuzeni kuti zimachitika pakati pa bambo ndi mayi akuluakulu, mudzamufotokozera akasinkhukako. Koma mudzafotokozedi.

Yachiwiri alemba ndi agogo a Mbewe a ku Mkanda, ndipo sanabise mawu:

"Inu a wailesi mukuononga ana. Kale nkhani zimenezi zinali za anankungwi kutsimba, mtsikana akatha msinkhu. Kholo kulankhula zotere kwa mwana wake ndi kulaula."

Agogo, ndakumvani, ndipo anankungwi sindikuwalanda ntchito. Vuto lagona pa nthawi. Atsikana ena amayamba kusamba ali ndi zaka 10 kapena 11, akadali kupulayimale. Komanso mtsikana angathe kutenga pakati asanaone n'komwe msambo woyamba, chifukwa dzira limatha kukhwima msambowo usanabwere. Chinamwali chikamafika, foni ndi anzake zinafika kale. Nanga anyamata akuwauza ndani kuti nawonso akatha msinkhu angathe kupereka mimba?

M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, sangalowe m'banja. Lamulo lilipo, koma silingamuuze mtsikana mmene mimba imabwerera. Ngati bambo ndi mayi ake akuona kuti n'kulaula, mwambo wathu womwewu unapatsa agogo ndi azakhali ufulu wocheza ndi ana momasuka. Adzukulu aamuna ndi anu, agogo, aakaziwo apite kwa agogo awo aakazi, koma asadikire kutsimba.

Pomaliza, uthenga wa pafoni wochokera ku Kapiri. Bambo wina akuti mwana wake wa zaka 9 waulula kuti mnyamata wina wamkulu amamuonetsa zithunzi zolaula.

Bambo, mwanayo musamukalipire, wachita bwino kunena, ndipo mumuuze choncho. Asakhalenso yekha ndi mnyamatayo. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani kupolisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Chitani zimenezi lero lomwe, musadikire kuti mukambirane kaye ndi akwawo a mnyamatayo.